Funsani Ankolo: Digiri ndili nayo kale, nanga za maso ndilowere pati?

Mwezi uno kaya munachita kupangana kaya, koma makalata ambiri amene alowa akufunsa nkhani imodzi, ya optometry, maphunziro a anthu aja amakukhazikani pampando m'kachipinda ka mdima n'kumakuwerengetsani zilembo pakhoma. Ambiri mwa inu digiri yoyamba muli nayo kale ndipo mukufuna kukhotera kumeneko. Ntchito imeneyi ine ndaigwira nthawi yaitali mpaka nanenso magalasi owerengera anandipeza ndili momwemo, ndiye apa ndiyankhula momasuka. Makalata ena ndawadula chifukwa enanu mukayamba kulemba simudziwa polekezera. Amene kalata yanu simukuiona musakwiye, werengani ya mnzanu, mwina yankho lanu lili momwemo.

FUNSO

Ankolo, ndinamaliza digiri ya bayoloje zaka ziwiri zapitazo, panopa ndikuphunzitsa koma kunena zoona mtima wanga suli pamenepo. Ndimafuna ndikhale optometrist. Ndaona pa intaneti yunivesite ina yakunja ikuitana anthu ku MSc in Clinical Optometry ya chaka chimodzi basi, ndiye ndimaganiza kuti ndikangotenga imeneyo ndiye kuti ndatha eti? Ndati ndisanatumize ndalama ya fomu ndikufunseni kaye.
Wotopa ndi choko

YANKHO

Mphwanga, wachita bwino kufunsa ndalama ikadali m'thumba. Usatumize kaye. Masitazi ya chaka chimodzi ya dzina ngati limenelo nthawi zambiri amaikonzera munthu amene ndi optometrist kale, laisensi ali nayo, odwala wawaona mpaka kutopa nawo, ndiye akufuna kuzama pa glaucoma (matenda owononga mtsempha wa diso), pa maso a ana, pa makontakiti lenzi ovuta, kapena akufuna kulowera ku kafukufuku. Iwe ndi bayoloje yakoyo mwina sangakulandire n'komwe, ndipo olo atakulandira, udzavala gauni, udzajambulitsa zithunzi, anthu adzakuyamikira pa Facebook, koma ukadzapita ku bodi yopereka chilolezo adzakufunsa kuti odwala unawayezera kuti ndipo amakuyang'anira anali ndani. Pamenepo m'pamene udzadziwe kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Chimasokoneza anthu n'choti mawu oti postgraduate akubisa zinthu ziwiri. Pali maphunziro owonjezera kwa amene ali kale m'ntchitoyi, ngati amene waonawo. Ndiye pali maphunziro olowera, amene amatenga munthu wa digiri ina n'kumuumba kuyambira pansi mpaka akhale woyeza maso. Iwe ukufuna achiwiriwa, ndipo amenewa sakhala a chaka chimodzi.

Ku America ndi kumene njira imeneyi inakhazikika kwambiri. Kumeneko munthu sachoka ku sekondale n'kulowa optometry, amayamba wadutsa kaye ku yunivesite, ambiri amakhala atamaliza digiri yonse, kenako n'kupanga zaka 4 za Doctor of Optometry, imene amangoidula kuti OD. Dzina la digiri yako yoyamba si nkhani kwenikweni, amayang'ana maphunziro amene ali pa transcript, bayoloje, kemisitiri wamba ndi organic chemistry, fizikisi yokhala ndi labu, samu, statistics, microbiology, psychology ndi zina, sukulu iliyonse ili ndi mndandanda wake. Masukulu ake ndi oposa 20, monga University of California ku Berkeley, Ohio State University, SUNY College of Optometry ku New York, Illinois College of Optometry ku Chicago ndi New England College of Optometry ku Boston, ndipo fomu umatumiza kudzera pa malo amodzi otchedwa OptomCAS. Ukamaliza zaka 4 zija nkhani sinathe, pali mayeso a bodi yotchedwa NBEO a magawo atatu, kenako state imene ukufuna kugwiramo ntchito ikupatse laisensi yake. Ku Canada masukulu ndi awiri okha, University of Waterloo imene imaphunzitsa m'Chingelezi ndi Université de Montréal imene imaphunzitsa m'Chifalansa, ndiye ungoganiza mmene anthu amapanikizanira pakhomo.

Ku Australia njira zilipo ziwiri. University of Melbourne ili ndi Doctor of Optometry ya zaka 4 ya anthu amene ali ndi digiri kale, University of Western Australia ili ndi yake ya zaka 3. Koma masukulu ngati UNSW, QUT ndi Deakin amayamba ndi digiri ya vision science, sayansi ya kaonedwe ka diso, kenako masitazi n'kukhala ngati gawo lomalizira la ulendo womwewo. Waona msampha wake? Masitazi imeneyo ndi yolowera ntchito ndithu, koma inamangidwa pamwamba pa vision science ija, si pamwamba pa digiri iliyonse imene munthu wabwera nayo.

Ku UK ndi kwina. Kumeneko optometry anthu amaiyamba akangochoka ku sekondale. Kale inali digiri ya zaka 3, ku Scotland 4, kenako chaka china chogwira ntchito pansi pa wamkulu, panopa masukulu ambiri asinthira ku ya zaka 4 yotchedwa MOptom imene zonse zili pamodzi. Ndiye ukaona M ameneyo usati ndi masitazi yodumphira, ukapita kumeneko ukakhala nawo mu chaka choyamba ndi ana a zaka 18. Ku South Africa n'chimodzimodzi, ndi digiri yoyamba ya zaka 4 ku masukulu ngati University of KwaZulu-Natal ndi University of Johannesburg. Ku Nigeria ndi ku Ghana amaitchula kuti OD ngati ku America koma ndi ya zaka 6 kuchokera ku sekondale.

Ndiye malangizo anga ndi oti uyambire kumapeto. Sankha kaye dziko limene ukufuna kudzagwiramo ntchito, upeze bodi imene imalembetsa anthu oyeza maso m'dzikomo, ku UK ndi General Optical Council, ku Australia ndi Optometry Board of Australia, ku South Africa ndi HPCSA, ndiye uone ngati pulogalamu ukuifunayo ili pa mndandanda wa amene bodiyo imawavomereza. Kenako lembera sukuluyo imelo ya funso limodzi lokha, loti ndikamaliza pulogalamu iyi, ine amene si optometrist panopa, bodi yakutiyakuti idzandilembetsa? Akayankha kuti inde uisunge imeloyo. Akayamba kuzungulira, zoti maphunziro athu amatsegula mwayi wambiri ndi zina zotero, wadziwa yankho.

FUNSO

Bambo, ine ndine kholo. Mwana wanga wamkazi wamaliza digiri ya kemisitiri ndipo akuti akufuna zaka zina 4 kuti akhale dokotala wa maso. Ndinakondwa mpaka ndinauza abale onse, koma alamu anga akuti ayi ameneyo sadzakhala dokotala weniweni, adzangokhala wogulitsa magalasi. Zoona zake n'ziti? Mwana asataye zaka pachabe.
Mayi wa ana atatu

YANKHO

Amayi, alamu anuwo alakwitsa, koma mwina inunso munawonjezako pang'ono pouza abale, ndiye tiyeni tiike zinthu m'malo mwake. Pa diso pamagwira ntchito anthu atatu amene ambiri amawasokoneza. Ophthalmologist ndi amene anapita ku sukulu ya udokotala wa thupi lonse, kumaliza, kenako n'kuwonjezera zaka zina zingapo pa maso okha, ameneyo ndi amene amachita opaleshoni, kuchotsa ng'ala, kukonza retina (kansalu ka kumbuyo kwa diso kolandira kuwala) ikamatuka ndi zina zolowa ndi mpeni. Optician ndi amene amalandira pepala la manambala n'kukonza magalasi, kudula malenzi, kuyeza mpata wa pakati pa maso awiri, kupinda felemu kuti ikhale bwino pamphuno. Optometrist ali pakati pa awiriwa ndipo nthawi zambiri ndi amene munthu amayamba kukumana naye. Amayeza mmene diso likuonera, kulemba manambala a magalasi ndi makontakiti lenzi, kusuzumira m'kati mwa diso kufufuza matenda, ndipo m'maiko ambiri amaloledwa kupereka mankhwala ena a m'maso. Zofuna opaleshoni amazitumiza kwa woyamba uja.

Mphamvu zake zimasiyana dziko ndi dziko. Ku America amalemba mankhwala, ndipo ma state ena ngati Oklahoma amawalola ngakhale kugwiritsa ntchito laser pa zinthu zina. Ku UK amene akufuna kulemba mankhwala payekha mokwanira amawonjezera maphunziro ena akayamba kale ntchito. Za dzina loti dokotala, amene ali ndi OD ku America amatchedwa choncho ndithu, kwina ayi, ndipo ine pa nkhani ya dzinayi sindimataya tulo.

Chimene mungachite amayi, mukhale naye pansi mwanayo mumufunse chimene amaona akamalota ntchito imeneyi. Ngati amadziona ali mu theatre atavala chophimba kukamwa akuchotsa ng'ala, njira imene wasankhayi sikamufikitsa kumeneko, ndipo palibe kanjira kachidule kochoka ku optometry kulowa ophthalmology, angafunike kukayambiranso sukulu ya udokotala. Koma ngati chimamukoka ndi kuthandiza mwana amene sakuona pa bolodi, kapena kugwira glaucoma isanamudye munthu, ali panjira yake ndipo kemisitiri yakeyo imuthandiza kwambiri akafika pa phunziro la mankhwala. Alamuwo asiyeni, akangodutsa zaka 40 foni idzayamba kuwavuta kuwerenga ndipo adzamufuna okha.

FUNSO

Ankolo ine bayoloje ndimaimenya bwinobwino koma fizikisi ndi samu eish, ndinangodutsa ndi pemphero. Ndamva kuti kuli mayeso olowera otchedwa OAT, kodi ndi ovuta bwanji ndipo ndingawazembe?
Mtsikana wamantha

YANKHO

Mwana wanga, mayesowo mwina ungawazembe chifukwa masukulu ena masiku ano amalandiranso zotsatira za mayeso ena ngati GRE kapena MCAT, koma fizikisi yokhayo sungaizembe, idzakudikira m'kalasi tsiku loyamba. OAT ndi Optometry Admission Test, amalembera pa kompyuta, amene akufuna masukulu a ku America ndi Waterloo ndi amene amakumana nayo. Ili ndi zigawo zinayi. Choyamba ndi sayansi, mafunso 100 pa mphindi 90, bayoloje, kemisitiri wamba ndi organic chemistry. Kenako kuwerenga nkhani n'kuyankha mafunso, kenako fizikisi mafunso 40 pa mphindi 50, kumapeto samu. Malikisi amayambira 200 kulekeza 400. Chimagwetsa anthu ambiri si kusadziwa ayi, ndi nthawi, ndiye pokonzekera uzidziikira wotchi pambali, osati kumangowerenga manotsi uli chigonere.

Koma ndikutonthozeko. Fizikisi ya maso si ija yokuzunza ya magaleta otsetsereka pa phiri, ndi ya kuwala, mmene kumapindikira kukadutsa m'galasi. Mphamvu ya lenzi timaiyeza mu ma dioptre, ndipo samu yake ndi yoti utenge 1 ugawe ndi mtunda wa mamita umene lenziyo imasonkhanitsira kuwala. Lenzi ya +2.00 imasonkhanitsa kuwala pa theka la mita, basi. Diso lonse lili ndi mphamvu pafupifupi 60, ndipo chodabwitsa ambiri n'choti gawo lalikulu, cha m'ma 43, silichokera ku lenzi ya m'kati koma ku cornea, kagalasi koonekera ka kutsogolo kaja. Diso likatalika pang'ono kuwala kumakumana kusanafike pa retina, munthu zakutali saona bwino, timamupatsa minus. Likafupika timamupatsa plus. Ine amene ndikuyankhulane fizikisi ya ku sekondale sindinkaikonda olo pang'ono, ndinayamba kuimva tsiku limene ndinagwira lenzi m'manja n'kuona ndi maso anga zimene bukulo limanena. Ngati malikisi ako a fizikisi ndi otsika kwambiri bwerezako kosi imodzi usanatumize fomu, si manyazi, ndipo amene amasankha ophunzira amaona kuti munthu anagwa n'kudzuka.

FUNSO

Akulu, musakwiye koma ine sindimvetsa. Zaka 4 pamwamba pa digiri kuti munthu azingofunsa kuti mukuona bwino ndi ili kapena ili? Amaphunziramo chiyani nthawi yonseyo?
Wokayika

YANKHO

Hahaha achimwene, funso ili ndalimva kambirimbiri ndipo sindikwiya nalo chifukwa mukakhala pampando paja zimene mumaona ndi zomwezo. Zoti ili kapena ili ndi kumalizitsa chabe, munthu wodziwa ntchito amakhala atadziwa kale pafupifupi nambala yanu musanatsegule pakamwa.

Chaka choyamba ndi chachiwiri zambiri ndi za m'kalasi ndi mu labu. Anatomy ya thupi lonse, makamaka mutu ndi khosi, mitsempha ya ubongo imene imayendetsa diso, minofu 6 imene imatembenuza diso lililonse, physiology, optics ya mitundumitundu, mankhwala ndi mmene amagwirira ntchito, matenda a thupi amene amaonekera m'maso. Nthawi yomweyo mumayamba kuyezana nokhanokha, ndipo palibe wophunzira optometry amene sanayendepo masana ali tsinzinitsinzini chifukwa mnzake wamuthira mankhwala okulitsa mwana wa diso. Chaka chachitatu mumayamba kuona odwala enieni wamkulu ali pambali, chachinayi pafupifupi chonse mumakhala m'makiliniki, kuzungulira malo osiyanasiyana. Ena akamaliza amawonjezera chaka cha residency, chozamira pa gawo limodzi la ntchitoyi m'kiliniki, koma chimenecho n'chofuna mwini.

Luso limene limalekanitsa wodziwa ndi wongoyerekeza ndi retinoscopy. Umawalitsa kamuuni m'diso la munthu, kukayendetsa uku ndi uku, n'kumayang'ana kuwala kumene kukubwerera kuchoka m'kati, ngati kukutsatira dzanja lako kapena kukupita mbali ina, ndiye umasintha malenzi mpaka kuwalako kuime. Munthuyo safunika kunena kanthu, n'chifukwa chake timatha kuyeza khanda, munthu wosayankhula, kapena agogo amene funso lililonse amangoti eya. Miyezi yoyamba suona chilichonse, umangoona kufiira, umayamba kuganiza kuti anzako akunama kuti akuona, ndiye tsiku lina zimangotseguka. Akuluakulu aja ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha ngati ankanena ife.

Ndikuuzeni manyazi anga. Pa retinoscopy umakhala patali ndi wodwala pafupifupi masentimita 67, ndiye nambala imene wapeza umayenera kuchotsapo 1.50 chifukwa cha mtunda umenewo. Wodwala wanga mmodzi wa masiku oyamba, bambo wachikulire waulemu kwambiri, ine ndi mantha ndinaiwala kuchotsa, n'kumuveka malenzi aja, n'kumufunsa ngati akuona. Iye kuti asandikhumudwitse anati eee zili bwino mwana wanga, chonsecho mzere wachitatu weniweniwo sakuuwerenga. Amene amatiyang'anira anangotenga pepala langa, kuliyang'ana, kundibwezera osanena kanthu, n'kuima pakhomo kudikira kuti ndizindikire ndekha. Thukuta limene ndinatuluka tsiku limenelo mpaka lero ndimalikumbuka, ndipo 1.50 sindinamuiwalenso.

Ndiye pali za matenda, zimene kwa ine ndiye mtima wa zaka zonsezo. Kumbuyo kwa diso ndi malo amene umatha kuona mitsempha ya magazi ya munthu wamoyo osamucheka, chida chake choyamba anachipanga ndi Hermann von Helmholtz cha m'ma 1851 ndipo mpaka pano tikusuzumirabe pawindo lomwelo. Shuga amaonekera pamenepo, BP imaonekera pamenepo, ndipo mutu wa mtsempha wa diso ukatupa zimatha kutanthauza kuti m'mutu muli china chake chikupanikiza ubongo, munthu ameneyo sumugulitsa felemu, umamuthamangitsira kuchipatala tsiku lomwelo. Glaucoma ya mtundu wofala sipweteka, imayamba kudya za m'mbali pang'onopang'ono munthu akuwerengabe bwinobwino zilembo zonse za pa tchati ya Snellen ija, imene inayamba mu 1862, ndipo zimene yadya sizibwerera. Timayeza mphamvu ya madzi a m'diso, imene mwa anthu ambiri imakhala pakati pa 10 ndi 21 mmHg, koma nambala yokha sikwanira chifukwa ena ali ndi glaucoma nambala ili bwinobwino, ndiye uyenera kudziwa kuwerenga mtsemphawo ndi maso ako. Munthu amabwera kuti magalasi andithera mphamvu, iwe ntchito yako ndi kudziwa ngati ndi magalasidi kapena ayi. Zaka 4 zija zimapita pamenepo achimwene.

FUNSO

Ankolo ineyo ndimavala magalasi a minus 5, angandilole kuphunzira zoyeza maso anzanga?
Four eyes

YANKHO

Angakulole, ndipo ukalowa m'kalasi udzapeza anzako ambiri anabwera chifukwa chomwecho. Bola ukavala uziona bwino. Ngati uli ndi diso limodzi lofooka kwambiri kapena umasokoneza mitundu, uwauze asukulu poyambirira chifukwa zida zina zimafuna maso awiri agwirire ntchito pamodzi, akuuze okha mmene amachitira.

FUNSO

Pali sukulu ina pa intaneti ikuti ndingatenge Doctor of Optometry ndili kunyumba, miyezi 18, osasiya ntchito. Mukuti bwanji?
Wa pa shifiti ya usiku

YANKHO

Ndikuti ayi. Anatomy ungaiwerenge pa foni, koma slit lamp, makina ounikira ndi kukuza diso poliyeza, sungaiphunzire pa vidiyo, ndipo kugunditsa tonometer, chida choyezera mphamvu ya madzi a m'diso, pa cornea ya munthu wamoyo amene akuphethira ndi mantha kumafuna wina akugwire dzanja kangapo. Alipo masukulu ovomerezeka amene maphunziro ena a m'kalasi amapereka pa intaneti koma labu ndi kiliniki umapitabe ndi miyendo yako ndipo zaka sizichepa. Dzina la sukuluyo ukalifufuze pa mndandanda wa bodi monga ndamuuzira mnzako woyamba uja.

FUNSO

Ankolo, ine ndine optometrist kale, ndinapanga digiri yoyamba ya zaka 4 ndipo ndagwira ntchito zaka 6. Ndikufuna kukagwira ntchito kunja. Kodi ndikapanga masitazi m'dziko limene ndikufunalo andipatsa laisensi?
Mnzanu wa m'chipinda cha mdima

YANKHO

Mnzanga, inu masitazi ija ndamuletsa mphwanga woyamba ija inu ndiye eni ake, idzakuwonjezerani nzeru ndipo ngati mukufuna kudzaphunzitsa kapena kupanga PhD ndi sitepe yabwino. Koma pa laisensi samalani, masitazi ndi laisensi ndi makomo awiri osiyana ndipo kiyi wa lina satsegula linzake. Ku Australia ndi New Zealand amene anaphunzira kwina amadutsa ku bungwe lotchedwa OCANZ, limene limaona mapepala anu kenako mumalemba mayeso awo, olemba ndi a manja. Ku UK mumapita ku General Optical Council, iwo amafananiza maphunziro anu ndi awo n'kukuuzani chimene chikusowa. Ku America n'kovutirapo chifukwa ma state ambiri amafuna OD ya sukulu yovomerezeka kwawoko, n'chifukwa chake New England College of Optometry ili ndi pulogalamu ya advanced standing ya anthu ngati inu, yofupikirapo kuposa zaka 4 koma yodula ndithu.

Chimene ndingakupempheni, yambani lero kusonkhanitsa mapepala. Transcript yokha sikwanira, amafuna tsatanetsatane wa kosi iliyonse, maola a kiliniki, kalata ya bodi yanu yosonyeza kuti mulibe mlandu, ndipo nthawi zambiri mayeso a Chingelezi ngati IELTS amene amatha mphamvu pakapita zaka 2, ndiye musathamangire kulemba zina zisanakonzeke. Ine ndinataya miyezi yambiri kudikira ofesi ina imene inasokoneza fayilo yanga, kupita lero akuti bwerani mawa, mawa akuti amene amasainira kulibe. Malamulo amenewa amasinthasinthanso, muziwerenga pa tsamba la bodi lenilenilo osati zimene wina analemba pa gulu la WhatsApp zaka zitatu zapitazo.

FUNSO

Ankolo ndili ndi zaka 34, banja ndi ana awiri, digiri ya unamwino. Ndikayamba pano ndidzamaliza ndili pafupi ndi 40. Komanso ndikuona makina akuyeza maso okha masiku ano, anthu akugula magalasi pa intaneti. Si kuti ndikuthamangira basi imene yanyamuka kale?
Nesi woganiza kwambiri

YANKHO

Achemwali, za zaka sindikudandaula nazo. M'makalasi a anthu a digiri yachiwiri mumakhala anthu a misinkhu yosiyana, ndipo inu muli ndi chimene achinyamata alibe, mumadziwa kuyankhula ndi munthu wodwala, mumadziwa shuga ndi BP osati za m'buku zokha, simunjenjemera wina akakomoka. Chongoti muonetsetse, digiri ya unamwino nthawi zambiri ilibe fizikisi ndi organic chemistry zimene masukuluwa amafuna, komanso ena salandira makosi amene munapanga kale kwambiri, ndiye pa zaka 4 zija muwerengerepo china chimodzi chokonzekera.

Za makina, autorefractor, imene imayeza yokha nambala ya magalasi, takhala nayo zaka zambiri ndipo ndimaigwiritsa ntchito tsiku lililonse, imathandiza. Koma ikani mwana wa zaka 7 pamenepo, diso lake limakoka lokha chifukwa minofu ya m'kati ndi yamphamvu, makina n'kutulutsa minus amene mwanayo alibe, ndiye pafunika munthu wodziwa kuti apa tithire kaye mankhwala opumitsa minofuyo tiyezenso. Magalasi a pa intaneti nawonso amafuna nambala, nanga nambalayo alemba ndani? Ntchito siikutha ayi. Lipoti la WHO la 2019 linati anthu osachepera 2.2 biliyoni ali ndi vuto la kuona, ndipo mwa amenewo osachepera 1 biliyoni vuto lawo likanapewedwa kapena silinathandizidwe, ambiri mwa iwo chimene akusowa ndi magalasi chabe. Kafukufuku wa gulu la Brien Holden wa 2016 anayerekeza kuti pofika 2050 pafupifupi theka la anthu padziko adzakhala osaona bwino zakutali.

Chimene ndikudandaula nacho ine ndi ndalama ndi banja. Maphunziro awa ndi a tsiku lonse, chaka chomaliza kiliniki imakudyani kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndipo mwina angakutumizeni kutali ndi kumene mukukhala, zoti muzigwira shifiti ya usiku pambali muiwale. Fizi ya wophunzira wochokera kunja ndi yokwera kwambiri, ndipo masikolashipu ambiri amakonda masitazi ya kafukufuku ndi PhD kusiyana ndi digiri yolowera ntchito ngati iyi, ndiye musadalire kuti ikapezeka muli konko. Muwerengenso njira ina ija, yolowa digiri yoyamba ya optometry m'dziko limene amaiphunzitsa choncho, nthawi zina zaka zimafanana, mtengo n'kutsika, ndipo mwina angakukhululukireni makosi ena amene munapanga ku unamwino. Mukhale pansi ndi bambo a kunyumba, pepala ndi cholembera, osati kungowauza mutalandira kale kalata.

Ndipo musanalipire kalikonse pemphani optometrist wina akuloleni mukhale naye masiku angapo mukungoonerera, masukulu ambiri a ku America amafunanso zimenezi pa fomu. Musasankhe tsiku labwino, mupite tsiku lodzaza, muone munthu wa 20 akulowa nthawi ya 4 koloko madzulo, chipinda chomwecho, mdima womwewo, mafunso omwewo, wina akukana kuti magalasi amene anasankha yekha si amenewo. Mukatero mundilemberenso mundiuze mmene munamvera potuluka, ndipo mutumize ndi mndandanda wa makosi amene munapanga ku unamwino kuti tione limodzi zimene zikusowa.